A Eneya Atisiya

Chilomoni, Blantyre
4 Ogasiti 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi amayi aang'ono, a Zelifa. Ine kuno ndili bwino, chimfine chokha cha fumbi. Ndalemba kalata chifukwa pa foni timangokuwirana: ine "mwadzuka bwanji", inu "nandolo sanaume". Khutu lanulo mupite nalo ku chipatala ku Boma, musakanenso. Kalatayi ndapatsira a Belita amene amabwera ku Limbe kudzapikula kaunjika.

Munafunsa kuti ntchito yanga yatsopanoyi ndi yotani. Mukumudziwa Kalaliki wa mu foni uja, amene kalabu yanu ya nandolo inalandira chaka chatha? Uja amayi aang'ono, poti ndi alembi, amamuuza nkhani ndi pakamwa, iye n'kuilemba pa tsamba la kalabu la pa intaneti n'kutumizanso uthenga m'mafoni a mamembala. Si munthu ayi, ngakhale a Goodman, apampando anu, amamupatsa moni waulemu. Ndi makina oganiza. Ali ndi zida zake: china cholembera mitengo ya pamsika, china choitanira msonkhano, china chofufutira dzina, china cholengezera maliro. Chida chilichonse chili ndi malangizo ake, mawu ochepa omuuza kuti ichi ntchito yake ndi yakuti, uchitenge pakachitika zakuti. Iye kwathu ku Nkhulambe sakudziwako, sanapondeko, amangokhulupirira mawu amenewo basi. Bungwe limene linagawa Kalaliki m'makalabu lapempha ofesi yathu kuti tiwerenge malangizowo ndi kuchonga ngati ali omveka. Ndiye tsiku lonse ndimakhala ndikuchonga ziganizo za anthu ena.

Pali malangizo awiri amene akundizunguza mutu, koma sindinena zambiri ndisanatsimikize. Mundithandize. Munthu akatuluka m'kalabu, mumati chiyani pouzana? Nanga munthu akamwalira, makamaka wamkulu, uthenga wake mumaunena ndi mawu ati? Mundilembere ndendende momwe mumayankhulira kumudziko, osati Chichewa cha m'buku. Ngati pali Chilomwe chimene mumasakaniza, muikemonso.

A Belita akamabwera muwapatsire makaka, chinangwa chouma chija, pang'ono. A kuno ndi owawa.

Ndine mwana wanu,
Fyness


Nkhulambe
21 Ogasiti 2025

Fyness,

Moni wako ndalandira. Ukufunsa ngati ndili bwino. Ndili bwino monga amakhalira munthu amene waona maliro ake ndi maso.

Lachisanu lapitalo ndinatuluka m'kalabu. Ndinakangana ndi Goodman pa nkhani ya sikelo, ndinawauza pamsonkhano kuti nandolo wanga ndikagulitsa ndekha, dzina langa alifufute. Nkhani inathera pomwepo. Lachiwiri m'mawa ndinakhoma chitseko n'kupita kumunda wa kumtunda, foni ndinaisiya m'nyumba. Pobwera dzuwa lili pamutu, mtolo wa nandolo pa njinga, ndikumva kulira. Ndinati mayo, ndani watisiya? Ndinatsika pa njinga, kuvula chipewa, kuyenda pang'onopang'ono monga timachitira. Kulirako kunkachokera pakhomo panga.

Amayi atakhala mbali ya kukhitchini akugubuduka, abambo pansi pa mtengo wa mango mitu pansi, nkhuni zaunjikidwa kale, ufa m'mabeseni. Adzukulu ndi makasu awo akufunsa kuti thupi lili m'nyumba kapena ku chipatala, ena akuti tithyole chitseko. Woyamba kundiona anali mkazi wa Goodman. Anakuwa mawu amene sindinawamvepo chibadwire, n'kudumpha mpanda wa nkhuku. Kenako aliyense liwiro! Nkhalamba zimene zimayenda ndi ndodo tsiku limenelo zinaiwala ndodo. Ine chiimire ndi njinga yanga, pabwalo panga, palibe wondiyandikira.

Goodman yekha ndiye analimba mtima, nanditambasulira foni yake ali patali. Palembedwa: "Ndi chisoni chachikulu tikudziwitsa mamembala onse kuti a Eneya Namakhwa atisiya. Za mwambo wa maliro tikudziwitsani. Tikonzeke ndi ufa ndi nkhuni." Pa tsamba lanulo akuti panalinso chithunzi changa, chija ndavala jekete. Madzulo anatumiza uthenga wina kuti ndili moyo. Zikomo kwambiri pondiuza.

Tsopano tamvera. Amene amayankhula ndi Kalaliki ndi munthu mmodzi, mlamu wanga Zelifa. M'mawa umenewo anayankhula naye, n'kukwera kabaza kupita ku Boma, foni atathimitsa. Pamaliro a mlamu wake panalibe. Akuti sankadziwa. Ha! Chimwalirire mayi ako ine pano ndine mkamwini wopanda mwini. Munda wa kumtundawu ndi wa mbumba yawo, ndipo ndamumvapo Zelifa akuti nandolo amabereka bwino kumeneko kusiyana ndi kwake. Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu ukafuna kumuchotsa umayamba waitana maliro ake, kuti akadzagwadi anthu adzati tinazolowera kale.

Koma chimene chandibaya kwambiri ndi kalata yako. Belita anaiiwala m'chikwama, wandipatsa tsiku lotsatira maliro angawo. Nditsegule, ndipeze mwana wanga womubala ndekha akufunsa kuti munthu wamkulu akamwalira timanena mawu ati. Ndayang'ana deti. Unalemba zisanachitike. Unadziwa bwanji? Ukutinso makinawa amadutsa m'manja mwako. Munakambirana chiyani ndi mayi ako aang'ono?

Foni ndachotsa batire, ndaiponya m'thumba la chimanga. Chinthu chondipha sichingagonenso kumutu kwanga. Chakudya cha kwa Zelifa ndasiya. Dzulo anabweretsa nyemba za kalongonda, ndinabweza mbale osavundukula. Ukudziwa wekha kuti kalongonda ukapanda kumuwiritsa mokwanira n'kutaya madzi ake, amagwetsa munthu, ndipo wakudya sangadziwe, amangodalira wophika. Ndikuphika ndekha, zopserera koma zanga.

Makaka ulibe. Undiyankhe kaye.

Ndine bambo ako, amene adakali moyo,
E. Namakhwa


Nkhulambe
24 Ogasiti 2025

Mwana wanga Fyness,

Uli bwanji kumeneko? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ulibe malo. Ndinakuimbira kangapo koma netiweki ya kuno ukuidziwa, ndiponso nkhaniyi si yokuwa nditakwera pachulu anthu akumva. Kalatayi ndamata ndi phala kawiri, Belita maso ake ndi akuthwa.

Ndikuuze momwe zinakhalira, undiweruze wekha. Bambo ako atatuluka m'kalabu ine zinandiwawa. Kalabu imeneyi anaiyambitsa ndi iwo pamodzi ndi malemu mkulu wanga, mayi ako. Ndinadikira masiku angapo kuti mwina mtima ukhala pansi abwerera. Lachiwiri a Goodman anati konzani m'kaundula, mwezi ukutha. Ndinatenga foni n'kumuuza Kalaliki kuti, "A Eneya Namakhwa atisiya, sitili nawonso, ndiye mukonze pa tsambapo ndipo anthu adziwe." Mawu ake ndi amenewo, Mulungu akundiona. Iye anati, "Ndamva, ndakonza." Sanandifunse kanthu. Ndinathimitsa foni kusunga moto n'kupita ku Boma kukagula mankhwala othira mu nandolo.

Ndikubwera madzulo, ndisanatsike n'komwe pa kabaza, anthu akundiyang'ana ngati ndasenza mutu wa munthu.

Nanga ndikanati chiyani? Ndinene kuti a Eneya athawa? Anyanyala? Munthu wamkulu, mlamu wanga, ndimulembe pa intaneti kuti wanyanyala ngati mwana? Ndinafuna kuwalemekeza. Ulemu womwewo wandisandutsa mfiti.

Inde, mawu amenewo akunenedwa. Bambo ako anaima pa mjigo, pamaso pa amayi onse, n'kunena kuti ine ndinawaitanira maliro chifukwa cha munda. Iwowo amayankhula mokweza chifukwa cha khutu, ndiye anamva ndi a kutsidya omwe. Chiyambire tsiku limenelo ndikafika pa mjigo mzere umaphwasuka, aliyense akuti tungani kaye mayi, koma si ulemu ayi. Ku Mvano kutchalitchi andiuza kuti ndiyambe ndapuma mpaka nkhani iwale. Usiku wa Lachinayi padenga panagwa miyala. Mdzukulu wa aneba athu a Kaliati anadwala malungo, akuti ndinadutsa pakhomo pawo. Ndidutse kuti nanga, njira ndi imodzi!

Munda ndiufunirenji ine? Wanga womwe ukundilaka. Mkulu wanga akumwalira anandigwira dzanja n'kunena kuti alamu ako usawalole abwerere kwawo ku Migowi, uziwaphikira. Ndawaphikira zaka zonsezi, lero mbale yanga ikubwerera yosavundukula.

Koma nanenso ndili ndi funso, usakwiye. Bambo ako akuonetsa anthu kalata yako, akuti unadziwiratu. Ngati unadziwa kuti chinthuchi chili ndi msampha, unalekeranji kundichenjeza ine amene ndimachigwira? Kapena ku ofesi kwanuko mumatiyeserera ife akumudzi kuti muone chichitike n'chiyani? Ndiuze zoona, ndine mayi ako.

Zelifa


Chilomoni
2 Seputembala 2025

Okondedwa Bambo,

Makalata onse awiri, yanu ndi ya amayi aang'ono, afika tsiku limodzi. Ndawerenga yanu ndili chiimire pa depoti, ndalira pamaso pa anthu. Ndathokoza Mulungu kuti muli moyo, ndipo ndakwiya nanu. Inu kundiganizira ine kuti ndingakonze maliro anu? Ine?

Mumve bwino, muwerenge kawiri ngati n'kofunika. Malangizo awiri amene ndinati akundizunguza mutu ndi a chida chofufutira dzina ndi a chida cholengezera maliro. Anawalemba ndi anthu a kampani ina, m'Chingerezi, kenako n'kuwatembenuza mothamanga. Pa chida chofufutira dzina analemba mawu awiri okha: "Chimachotsa cholembedwa." Cholembedwa chiti, pa chifukwa chanji, osanena. Pa chida cha maliro, pofuna kulemekeza imfa, analemba kuti: "Gwiritsani ntchito membala akatisiya. Chimakonza tsamba ndi kudziwitsa onse." Mawu oti imfa mulibe, oti kumwalira mulibe. Palibenso paliponse pamene anamuuza Kalaliki kuti asanalengeze chinthu chachikulu chotere ayambe wafunsa kuti, kodi munthuyu wamwalira?

Ndiye amayi aang'ono akuti "atisiya, mukonze pa tsamba, anthu adziwe." Kalaliki akuyang'ana zida zake. China sichikunena kanthu za membala. China chikuti membala akatisiya, kukonza tsamba, kudziwitsa onse. Mawu atatu onse agwirizana. Akanatenga chiti? Zili ngati zitini ziwiri zofanana pa alumali, china cha mchere china cha soda, chimodzi osalemba kanthu, chinacho n'kulemba kuti "zoyera zothira mu ndiwo." Wophika wachilendo muzimuimba mlandu?

Ine ndinakayikira, koma kuno ndikawauza anzanga ankati ndikukokomeza, aliyense amadziwa kuti kutisiya ndi kumwalira. Ndinati ayi, kwathu timanenanso choncho munthu akangochoka. Anati bweretsa umboni. N'chifukwa chake ndinakufunsani mafunso aja. Sindinadziwe kuti mutuluka m'kalabu, ndikanadziwa bwanji pamene inu nomwe munali musanakangane ndi a Goodman? Amayi aang'ono akuti bwanji sindinawachenjeze. Ndawalembera padera. Chinthu chimene ndinali ndisanachitsimikize ndinkaopa kuwaopseza nacho, ndipo kalata ikanagonabe m'chikwama cha a Belita.

Lipoti ndapereka. Zida ziwirizo ndazilepheretsa, ndipo cha maliro achitseka m'makalabu onse mpaka malangizo alembedwenso. Koma zimenezo sizichotsa miyala padenga pa amayi aang'ono. Bambo, mawu amene munanena pa mjigo anthu amafa nawo, mukudziwa. Mupite mukawabweze.

Ndine mwana wanu, ngakhale mukundikayikira,
Fyness


Nkhulambe
16 Seputembala 2025

Fyness,

Ndawerenga kawiri monga unalamula. Ndili bwino, m'mimba mokha chifukwa cha zophika zanga.

Sukulu ndinakulipirira ndi nandolo yemweyu, ndiye sindidabwa kuti ukudziwa kukonza mawu. Zitini, soda, alumali. Zokoma kumva. Koma ine ndili ndi mafunso anga. Chaka chathunthu Kalaliki wakhala akulemba mitengo, misonkhano, ngakhale maliro a malemu Noah analengeza bwinobwino osaphonya. Lero pa ine pokha ndiye wasokonezeka? Mwa mamembala onse, chitini cha soda chagwera mu ndiwo za mkamwini amene ali pa munda wabwino? Utsi sufuka popanda moto.

Ndiponso usandiphunzitse Chichewa. Munthu wamoyo, wolima, wokwera njinga, sunganene kuti watisiya ngati mumtima mulibe kanthu. Mawu alipo ambirimbiri. Zelifa si mwana, anasankha. Ukuti iye anakuuza mawu amene ananena. Unalipo? Iwe ukukhulupirira iye, iye akukuikira kumbuyo, nonse ndinu mbumba imodzi, magazi amodzi. Ine ndine wobwera. Mundawo ukachoka m'manja mwanga ubwera kwa yani ngati si kwa iwe ndi iye?

Ukuti achitseka chidacho. Wakuba akagwidwa amabisa chikwanje, n'zachidziwikire.

Za pa mjigo sindibweza. Sindinatume munthu kuponya miyala, ine ndinangonena zimene zinandichitikira. Ndipo nkhani yake yatha yokha. Zelifa wanyamuka Lachitatu m'bandakucha, akuti wapita ku Chiwalo kwa mwana wake wamwamuna Gracious, kumene anakwatira. Nyumba wakhoma, nkhuku wagawa. Ngati ndi wosalakwa akuthawa chiyani?

Pakhomo pali zii. Mbuzi zake zimabwera kudzalira pakhonde panga madzulo, sindikudziwa anazisiyira ndani. Ndikuzipatsa makoko a nandolo kuti zingondileka.

Ukapeza mpata unditumizire magalasi ena, awa mwendo wathyoka.

Bambo ako


Chilomoni
25 Seputembala 2025

Bambo,

Moni. Magalasi ndi amenewo, muwalandire kwa a Belita.

Sinditsutsana nanunso pa kalata, mungondipambana. Mwati ine sindinalipo, n'zoona. Mwati mawu alipo ambirimbiri. Chabwino, mukawanene nokha.

Kuntchito kwathu malangizo sitimangowawerenga, timawayesa. Timamupatsa Kalaliki nkhani n'kuona chida chimene atole. Ndapempha akuluakulu anga, alola kuti pa foni ya a Goodman tiikepo Kalaliki woyeserera, wa malangizo akale aja osasintha ngakhale kadontho. Chimene angalembe chizingooneka pa foni yomweyo, sichipita pa tsamba kapena kwa munthu aliyense. Ine sindidzakhalapo, amayi aang'ono kulibe, palibe wokutsinani. Muitane amene mukufuna akhale mboni. Mumuuze nkhani za kalabu ndi pakamwa panu, mawu osankha nokha, muone chimene achite.

Akakachita bwino pa zonse, ndidzabwera ndekha kudzagwada pa mjigo n'kunena kuti ndinakunamizani.

Za maliro a malemu Noah, chidacho chinagwira bwino chifukwa iwo anamwaliradi. Ndipo m'kalabu mwanu munali musanatulukepo munthu. Woyamba ndinu.

Fyness


Nkhulambe
6 Okutobala 2025

Mwana wanga,

Magalasi ndalandira, akuona bwino, mwinanso mopitirira.

Ndinapita Loweruka. Ndinaitana a Kaliati, mkazi wa Goodman uja wodumpha mpanda, ndi akuluampingo awiri. Anthu ena anangobwera okha, pakhonde pa nyumba yosungiramo nandolo panadzaza. Ndinavala jekete. Ndinati lero bodza la ku Blantyre ligona panja.

Ndinayamba ndi mtengo wa nandolo. Analemba bwino. Ndinati msonkhano uliko Lachinayi masana. Anaitana bwino. Ndinayang'ana anthu, ndinati mwaona? Chinthuchi chili ndi nzeru zake, sichiphonya pokhapokha wina achitume. Anthu anavomera.

Pamenepo Goodman anati, "Achimwene, yatsala nkhani imodzi. Mpando wa mlembi uli wopanda munthu. Muuzeni Kalaliki za a Zelifa, akonze."

Ndinaseka. Ndinati ine sindigwa m'mbuna yoiona. Mawu aja oti kutisiya ndinawazemba dala. Ndinayandikitsa foni n'kunena momveka kuti, "A Zelifa sitili nawonso, anthu adziwe." Kanthawi pang'ono, Goodman akuwerenga mokweza: "Ndi chisoni chachikulu tikudziwitsa mamembala onse kuti a Zelifa atisiya. Tikonzeke ndi ufa ndi nkhuni."

Ndinadziwa kuti n'zoyeserera, koma kumva dzina la mlamu wanga m'mawu amenewo, ochokera pakamwa panga, kunandibaya. Ndinati lilime laterereka, ndibwereze. Ndinati, "A Zelifa atichokera." Maliro. Ndinati, "A Zelifa apita, malo awo ali pululu." Maliro. Ndinati atsogola, apo ndiye ndinadzimva ndekha ndisanamalize. Mawu aliwonse aulemu amene ndimawadziwa onena za munthu wamkulu amene wachoka, ndi omwewo timanenera pamaliro. Zaka zonsezi ndikuyankhula osazindikira. Pakhonde wina anayamba kuseka n'kuleka yekha.

A Kaliati anati, "Nenani mosazungulira, a Namakhwa. Muuzeni chimene chachitika."

Ndinaima ndi foni m'manja. Ndinene kuti asamuka? Sanasamuke, nyumba yawo ndi iyo, mbuzi zawo ndi izo, manda a amayi awo ali kuseri kwa tchalitchi. Ndinene kuti atula pansi udindo? Sanatule. Ndinafufuza m'mutu monse, mawu oona anatsala amodzi. Ndinati, "A Zelifa tawathamangitsa. Ndawathamangitsa ndine."

Kalaliki anayankha kuti, "Pepani, ndilibe chida cha zimenezi. Ndichite chiyani?"

Mkazi wa Goodman anafunda chitenje kumaso. Ine ndinabweza foni, ndinatenga chipewa changa n'kumapita, njinga ndinaiiwala komweko mpaka anachita kundibweretsera.

Pa mjigo usabwere kudzagwada. Mawa ndikupalasa wa ku Chiwalo. Sindikudziwa ngati akandilandire. Batire ndabwezera mu foni, koma usaimbe kaye, ndilibe mawu okuuza.

Makaka ndawapatsira a Belita, ndasankha oyera.

Ndine bambo ako,
Eneya


Chiwalo
12 Okutobala 2025

Mwana wanga Fyness,

Kalata yako ija ndinalandira kalekale, sindinayankhe chifukwa ndinali ndisanakukhululukire. Tsopano ndayamba. Uli bwanji? Ine ndili kuno kwa apongozi a Gracious. Andilandira bwino, koma taganiza, ine mwini mbumba, wobadwira pa nthaka ya amayi anga, kugona m'khitchini ya eni ake, kupempha chilolezo kuti ndithyole masamba a chinangwa. Wondichotsa kwathu n'kukhala mkamwini! Ndikaganiza ndimaseka ndekha mpaka misozi.

Bambo ako anabwera Lachiwiri. Ndinawaonera patali akukankha njinga, tayala litaphwa, jekete lili mbuu ndi fumbi. Aonda, khosi latsala chingwe. Anakhala pansi pabwalo, mpando anaukana, chipewa pa bondo. Anafotokoza zonse za pa foni ya a Goodman, mokweza monga mwa masiku onse, mudzi wonse wa eni ake unamva. Kenako anati, "Alamu, ndinalakwa. Tiyeni kwathu."

Ndinati kwathu kuti? Foni inakuphani m'mawa, madzulo inakudzutsani, uthenga unafika kwa aliyense. Ine pakamwa panu panandipha pa mjigo, mpaka lero palibe wandidzutsa. Zimene munanena pakhonde pa nandolo anamva ndi a kalabu. Amene anaponya miyala si a kalabu. Mukanene pa mjigo pomwepo nthawi yotunga madzi, mukanenenso ku tchalitchi Lamulungu mutaimirira, ndi mawu anu okwezawo. Ndikamva kuti mwanena, kabaza ndikwera ndekha, simuchita kunditenga. Anati akanena. Tiona.

Ndamva kuti makina ako akuti alibe chida cha munthu wothamangitsidwa. Usavutike kumupangira. Malangizo enawo ukonze, uwalembe mawu oti kumwalira poyera, imfa siichita manyazi. Umuuzenso azifunsa asanalize anthu. Koma uthenga wa ine usadutse mu foni. Bambo ako anaunena ndi pakamwa, aubweze ndi pakamwa.

Tsiku limenelo n'kuti ndili ndi kalongonda pamoto kuyambira dzulo lake. Nditamaliza kuyankhula ndinalowa m'khitchini, ndinapakula mbale yodzaza, n'kuwaikira patsogolo. Sindinalaweko monga timachitira ndi mlendo. Ndinangokhala potero n'kumawayang'ana. Anayang'ana mbale, anayang'ana ine. Ndinaona funso likukwera pakhosi pawo, lakuti madzi mwataya kangati. Analimeza. Anasamba m'manja, n'kuyamba kudya nyembazo.

Usade nkhawa, ndinamuphika bwino kalongondayo, monga ndakhala ndikuwaphikira zaka zonsezi. Koma sindinawauze. Ndinawaleka adye osadziwa, amveko momwe zimakhalira moyo wako ukakhala m'manja mwa munthu amene ali ndi chifukwa.

Anamaliza mbale yonse, Fyness. Anapempha wina.

Ndine mayi ako,
Zelifa